Lamulo la Mmera Mpoyamba: Zomwe Lingasinthe kwa Mwana wa ku Salima

Kwa zaka zingapo tsopano, mabungwe oona za ana akhala akupempha kuti dziko la Malawi likhale ndi lamulo lapadera la maphunziro a mmera mpoyamba, ndipo nkhaniyi ikamveka pa wailesi, anthu kuno ku Salima amaimva mosiyanasiyana. Kholo lina limamva kuti boma lidzamanga sukulu ya mkombaphala m'mudzi uliwonse. Lina limachita mantha kuti likapanda kutumiza mwana wa zaka zinayi kusukulu lidzaitanidwa kubwalo la milandu. Alezi amene akhala akugwira ntchito mongodzipereka amamva kuti malipiro ayandikira, pomwe eni sukulu za mkombaphala zolipiritsa za ku Kamuzu Road amada nkhawa kuti kukubwera anthu odzawatsekera. Palibe mwa anthu amenewa amene akubwebweta, chifukwa zofanana ndi zimenezi zachitikapo m'mayiko ena. Komabe palibe chimene chimangobwera chokha chifukwa chakuti pachikuto pa bilu, chikalata cha lamulo limene silinavomerezedwe, palembedwa mawu akuti mmera mpoyamba. Zonse zimadalira ziganizo zimene zili m'katimo, ndipo kuti munthu aziwerenge bwino ayenera kuyamba wasiyanitsa mawu angapo amene timawasakaniza polankhula.

Mmera mpoyamba ndi mkombaphala

Mawu akuti mmera mpoyamba tinawatenga kumunda, kumene mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chimene chafooka masabata oyambirira sichibweza ngakhale atachithira feteleza wochuluka chitamasula kale. Boma likamagwiritsa ntchito mawuwa limatanthauza chisamaliro chonse cha mwana kuyambira ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka 8, ndiye kuti chakudya, katemera, chitetezo, masewera, kulankhula naye ndi kumuphunzitsa. Sukulu ya mkombaphala ndi kachigawo chabe ka ntchito imeneyi, kamene kamakhudza ana a zaka zitatu mpaka zisanu, asanafike zaka 6 zimene ndi msinkhu wolowera Sitandade 1. Alimi a mpunga a ku Lifuwu angaimve msanga nkhaniyi: mkombaphala ndi nazale, Sitandade 1 ndi munda wowokeramo, koma mbande yabwino imayambira ku mbewu ndi dothi, nazale isanafesedwe n'komwe.

Kuyerekeza ana ndi mbewu si nzeru yathu yokha. Friedrich Froebel, mphunzitsi wa ku Germany amene anatsegula sukulu ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg mu 1837, anaipatsa dzina loti Kindergarten mu 1840, ndipo dzinalo limatanthauza munda wa ana. Kuno kwathu sukulu zoterezi zinayamba ndi mipingo komanso magulu a amayi a m'matauni, ndipo mu 1970 panakhazikitsidwa bungwe lozigwirizanitsa, lomwe lero limadziwika kuti Association of Early Childhood Development in Malawi. Kumidzi zinafikako mochedwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma mothandizidwa ndi UNICEF linayamba kulimbikitsa malo osamalira ana oyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi eniake, amene ambiri timangowatchula kuti ma CBCC, ndipo malowa anachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inasiya ana amasiye ambiri m'manja mwa agogo. Mbiri imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikusonyeza kuti ma CBCC sanabadwe ngati sukulu. Anabadwa ngati malo oti mwana akadyeko phala ndi kukhala pamaso pa munthu wamkulu pamene akuluakulu ali kumunda kapena kudoko.

Amene sanafikepo pa CBCC ya kumudzi angaganize za kalasi ya madesiki ang'onoang'ono. Imene ndimaidutsa kawirikawiri popita kunyanja ndi chisakasa cha udzu chokhala ndi khoma la njerwa zosawotcha lofika m'chiuno. Ana amakhala pamphasa ziwiri, owerengera awo ndi zitsekerero za mabotolo ndi timiyala ta m'mbali mwa nyanja, mpira wawo ndi wa mapepala a pulasitiki omangidwa ndi luzi, ndipo kunja mayi wina amakhala akutakasa phala mumphika waukulu ndi nkhuni zimene ana anabwera nazo chimodzichimodzi. Kukakhala ufa, ana amadzaza mpaka pakhomo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka ndipo phala likasowa, mphasa imodzi imakwanira.

Choncho pali mitundu itatu ya malo imene lamulo lingakhudze: CBCC ya m'mudzi, sukulu ya mkombaphala yolipiritsa imene imapezeka kwambiri m'tauni ndi m'misika ikuluikulu, ndi kalasi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ana pa sukulu ya pulayimale, imene Unduna wa Maphunziro wakhala ukuikamba m'zaka zaposachedwapa. Munthu akamanena kuti akufuna ana ambiri apeze mwayi, funso loyamba kumufunsa ndi lakuti akunena za malo ati mwa atatuwa. Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya boma yowerengera anthu inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka zitatu ndi zinayi, pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu ndiye amapita ku maphunziro a mtundu wina uliwonse wa mmera mpoyamba.

Ndondomeko ndi lamulo

Apa ndi pamene chisokonezo chachikulu chimayambira, chifukwa anthu ambiri amadabwa kumva kuti pakufunika lamulo pamene boma lakhala likulankhula za mmera mpoyamba kwa zaka zoposa makumi awiri. Chimene dziko lakhala nacho ndi ndondomeko. Yoyamba inatuluka mu 2003, ndipo ina yokonzedwanso inatuluka mu 2017. Ndondomeko ndi chikalata chimene boma limanenamo zimene likufuna kuchita ndi njira imene lidzatsate. Imavomerezedwa ndi nduna, ingathe kusinthidwa ndi nduna zina, ndipo kholo silingapite nayo kukhoti kukadandaula kuti mwana wake wamanidwa malo. Lamulo limadutsa ku Nyumba ya Malamulo, limatchula amene ali ndi udindo, limapereka mphamvu zoyendera ndi kutseka, ndipo limanena chimene chidzachitikire woliphwanya.

Asodzi a m'boma lino akudziwa kusiyana kumeneku kuposa wina aliyense. Mlangizi akaima padoko n'kunena kuti si bwino kupha nsomba nthawi yoswana, onse amavomera ndi mutu, koma usiku mabwato amalowabe m'madzi. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, nkhani ndi ina: nyengo yotseka imadziwika, tsiku lotsegulira limalengezedwa pamwambo, pali komiti yoyang'anira, ndipo wophwanya amadziwa chilango chake. Uphungu wa mlangizi uja ndi ndondomeko, za ku Mbenji ndi lamulo. Koma fanizo lomweli lili ndi mbali ina imene sitiyenera kuibisa, yakuti za ku Mbenji zimayenda chifukwa pali anthu amene amakhaladi pamenepo kuonetsetsa kuti zikutsatidwa. M'mabuku a boma muli malamulo ambiri a usodzi amene nsomba sizinawamvepo.

Sikuti malamulo amene alipo sanena kanthu za ana. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 13 limalangiza boma kuti maphunziro a pulayimale akhale aulere ndi okakamiza. Lamulo la maphunziro la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1962, linakhazikitsa zimenezi pa sukulu za boma za pulayimale. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limafotokoza udindo wa makolo ndi njira zotetezera mwana amene ali pachiopsezo. Chimene ofuna lamulo latsopano amaloza ndi mpata umene uli pakati pa malamulo amenewa, wakuti lonjezo la maphunziro aulere limayambira pa Sitandade 1, ndipo mwana wa zaka zinayi amatsala m'manja mwa ndondomeko ndi chifundo cha mudzi.

Njira ya bilu ndi yaitali, ndipo ndi bwino kuidziwa kuti tisamasangalale kapena kukwiya msanga. Unduna umakonza maganizo, nthawi zina kudzera ku Law Commission imene ntchito yake ndi kuunika malamulo ndi kufunsa anthu, akatswiri a ku Unduna wa Zachilungamo amawalemba m'chilankhulo cha malamulo, nduna zimavomereza, kenako bilu imawerengedwa katatu m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pakati pake aphungu amaunika chiganizo chilichonse. Ikadutsa, Pulezidenti amakhala ndi masiku 21 oti asainire kapena aibweze. Ngakhale itasainidwa ndi kusindikizidwa mu gazeti ya boma, malamulo ambiri amadikira tsiku loyambira kugwira ntchito limene nduna imalengeza, komanso malamulo ang'onoang'ono ofotokoza tsatanetsatane. Palinso mfundo ina imene imaiwalika: gawo 57 la malamulo aakulu silola Nyumba ya Malamulo kupitiriza bilu yofuna ndalama za m'thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Bilu yolonjeza malipiro a alezi imayenera kudutsa pakhomo limeneli.

Ulere, kukakamiza ndi ufulu wopeza malo

Mawu atatuwa amayendera limodzi m'zolankhula za andale, koma m'malamulo ndi zinthu zitatu zosiyana. Ulere umatanthauza kuti kholo silipira fizi. Kukakamiza kumaika udindo pa kholo kuti litumize mwana. Ufulu wopeza malo umaika udindo pa boma kuti malowo akhalepo pamtunda woti mwana angayende. Dziko lingathe kusankha chimodzi n'kusiya zinazo. Tiyerekeze ndi mjigo: kunena kuti madzi ndi aulere ndi nkhani ina, kuletsa anthu kumwa a mumtsinje wa Linthipe ndi nkhani inanso, ndipo kulonjeza kuti mudzi uliwonse udzakhala ndi mjigo wake ndi nkhani yachitatu, imenenso ndi yodula kuposa zonse. Kuletsa a mumtsinje mjigo usanakumbidwe ndiye kumene kumabala madandaulo.

Mayiko asankha mosiyana. Ghana, kudzera mu lamulo lake la maphunziro la 2008, inaika zaka ziwiri za mkombaphala kukhala gawo la maphunziro oyambirira aulere ndi okakamiza. Tanzania inalemba mu ndondomeko yake ya 2014 kuti chaka cha mkombaphala chikhale chokakamiza, ndipo fizi itachotsedwa mu 2016 ana anakhamukira m'makalasi mofulumira kuposa mmene aphunzitsi ndi zipinda zinkachulukira. Ku South Africa, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira mu Sepitembala 2024 lamulo lokakamiza kalasi ya Grade R, imene ndi chaka chimodzi mwana asanalowe Grade 1, koma kumeneko kalasiyi inali itafalikira kale m'sukulu zambiri lamulo lisanabwere. France inatsitsa msinkhu wokakamiza maphunziro kufika pa zaka zitatu mu 2019, pa nthawi imene pafupifupi ana onse a msinkhuwo ankapita kale kusukulu. Pa mayiko onse pamodzi, mgwirizano wa zamaphunziro wa ku Incheon, m'dziko la South Korea, wa 2015 unalimbikitsa chaka chimodzi chaulere ndi chokakamiza, ndipo cholinga 4.2 cha zolinga za chitukuko za United Nations chimati pofika 2030 mwana aliyense akhale ndi mwayi wa chisamaliro ndi maphunziro abwino asanalowe pulayimale. Mapangano oterewa amakankha boma, koma sasanduka lamulo la Malawi paokha.

Ife tili ndi chokumana nacho chathu chimene ofuna kutsegula chitseko msanga ndi ofuna kuyamba takonzeka onse amachitchula. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba ntchito aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanaphunzire uphunzitsi. Ena amati umenewu ndi umboni wakuti chitseko chikatsegulidwa ana a osauka amalowa, ndipo ambiri mwa amene lero ndi anamwino ndi aphunzitsi sakanaphunzira chikhala kuti boma linadikira kuti zonse zikonzeke. Ena amati makalasi a pansi pa mtengo ndi ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi, zimene tikulimbana nazo mpaka lero, zinayambira pomwepo. Onsewa akunena zoona, ndipo kusiyana kwawo kuli pa kulemera kumene aliyense amapereka ku mbali yake.

Unduna wake ndi uti

Ma CBCC ali pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo pa boma amayang'aniridwa ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya khonsolo. Sukulu za pulayimale zili pansi pa Unduna wa Maphunziro, pomwe sikelo, katemera ndi kadyedwe zili ku Unduna wa Zaumoyo. Mwana ndi mmodzi, koma eni ake m'boma ndi atatu, ndipo mbuzi ya eni ambiri imagona panja. Ofuna kuti zonse zipite ku Maphunziro amati kumeneko kuli kale makoleji a aphunzitsi, oyendera sukulu ndi ndondomeko ya malipiro. Otsutsa amaopa kuti mkombaphala udzasanduka Sitandade 1 yaing'ono, ya choko ndi kuloweza, ndipo phala, masewera ndi ana osakwana zaka zitatu zidzaiwalika. South Africa inasamutsa ntchitoyi kuchoka ku unduna wa zachisamaliro kupita ku wa maphunziro mu Epulo 2022, pomwe Kenya, mu malamulo ake aakulu a 2010, inaipereka ku maboma ang'onoang'ono a m'zigawo.

Mlezi

Palibe gawo la nkhaniyi limene limakhudza anthu ambiri mwachindunji kuposa ili. Mlezi wa pa CBCC amasankhidwa ndi mudzi, kawirikawiri ndi mayi, ndipo nthawi zambiri salandira malipiro. Ena anafika Folomu 4, ena analekezera ku pulayimale. Maphunziro oyambirira amene boma ndi mabungwe amapereka kwa alezi ndi a pafupifupi masabata awiri, ndipo si onse amene anawalandira. M'zaka zaposachedwapa boma linayamba kupereka kangachepe kwa ena mwa alezi ophunzitsidwa, koma ambiri akugwirabe ntchito mongodzipereka. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso: nyengo yowokera mpunga kapena usipa ukagwa, mlezi nayenso ali ndi banja loti alidyetse, ndipo CBCC imatsekedwa kaye. Tsiku lina ndinafunsa mlezi wina wachikulire kuti, "Amayi, n'chiyani chimakusungani pano zaka zonsezi popanda cholowa?" Iwo anaseka, n'kuloza kamwana kamene kanawakangamira chitenje, nati, "Bambo, awa ndikawasiya apita kunyanja okha." M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, yankho limeneli si nthabwala.

Lamulo lingathe kuchita zinthu ziwiri kwa mlezi, ndipo ziwirizi zimakokana. Lingamuzindikire ngati wantchito woyenera malipiro, ndipo lingaikenso maphunziro ochepetsetsa amene munthu ayenera kukhala nawo kuti aloledwe kulera ana. Likanena kuti mlezi aliyense akhale ndi satifiketi ya MSCE, amayi ambiri amene anayambitsa malowa ndi manja awo adzapezeka panja tsiku limene malipiro akuyamba, ndipo m'malo mwawo mudzalowa achinyamata a mapepala amene mwina sakudziwa mwana aliyense ndi dzina la agogo ake. Likapanda kuika muyeso uliwonse, boma lidzakhala likulipira ntchito imene silingathe kutsimikiza ubwino wake. Zili ngati nkhani ya azamba pamene boma linkalimbikitsa kuti amayi azichirira kuchipatala: luso la m'mudzi ndi luso la kusukulu zinakumana, ndipo kupeza malo a aliyense sikunali kophweka. Njira imene mayiko ena amatsata ndi kupereka zaka zingapo zoti amene ali kale pantchito aphunzire akugwira, koma kutalika kwa nthawiyo ndi wolipira maphunzirowo ndi zinthu zoyenera kulembedwa momveka.

Ubwino wa maphunziro, ndi zimene ofufuza anapeza

Mawu akuti ubwino amamveka ngati okongoletsa chabe, koma m'malamulo amatanthauza zinthu zowerengeka: ana angati pa mlezi mmodzi, chimbudzi, madzi akumwa, denga losadontha, chakudya, ndi zimene ana amachita tsiku lonse. Chifukwa chimene nkhaniyi ilili yaikulu ndi chakuti umboni wa phindu la mkombaphala si wa mtundu umodzi.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Perry Preschool, amene anayamba mu 1962 ku Ypsilanti m'chigawo cha Michigan ku America ndi ana 123 a m'mabanja osauka. Ana amene analowa m'sukuluyo anatsatidwa mpaka atakula, ndipo anapezeka kuti ambiri anamaliza sukulu, ankapeza ndalama zochulukirapo ndipo sankamangidwa kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Katswiri wa zachuma James Heckman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anagwiritsa ntchito zotsatirazi pofotokoza kuti ndalama yoikidwa mwa mwana wamng'ono imabweza zambiri. Koma sukulu ya Perry inali ndi mphunzitsi wophunzira bwino mmodzi pa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo aphunzitsiwo ankayendera makolo kunyumba sabata iliyonse. Ku Kingston m'dziko la Jamaica, ana opinimbira amene alangizi azaumoyo ankawayendera sabata iliyonse kwa zaka ziwiri m'zaka za m'ma 1980, kuphunzitsa amayi awo kusewera ndi kulankhula nawo, anapezeka patapita zaka 20 akulandira ndalama zoposa za anzawo ndi 25 pa 100 iliyonse. Kumeneko kunalibe kalasi n'komwe. Mbali inayi, kafukufuku wa ana pafupifupi 3,000 a m'chigawo cha Tennessee ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti ana amene anadutsa mu mkombaphala wa boma ankakhoza mocheperapo kuposa anzawo pofika kalasi yachisanu ndi chimodzi.

Kwathu kuno nakonso kunachitika kafukufuku wofanana, mothandizidwa ndi World Bank, pa ma CBCC 199 m'maboma anayi. Malo ena analandira zoseweretsa ndi zophunzirira zokha, ena anawonjezeredwa maphunziro a alezi, ndipo ena anawonjezeredwanso maphunziro a makolo. Patapita miyezi 18, ana amene anaonetsa kusintha pa kalankhulidwe ndi kakhalidwe anali a malo amene alezi ndi makolo omwe anaphunzitsidwa. Patapita miyezi 36, ana ambiri atalowa pulayimale, kusiyanako sikunaonekenso. Ena amawerenga zimenezi ngati chenjezo lakuti phindu la mkombaphala limazilala. Ena amati vuto lili kumunda wowokeramo, chifukwa mbande yabwino ikawokedwa mu Sitandade 1 ya ana 120 singasiyane ndi inzake kwa nthawi yaitali. Pamene ofufuza ambiri amagwirizana ndi pakuti kungosonkhanitsa ana pansi pa denga sikokwanira, ndiponso kuti kholo ndi chakudya zili pakati penipeni pa nkhaniyi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, ndipo kupinimbira kumachitika makamaka m'masiku 1,000 oyambirira, mwana asanafike n'komwe pa msinkhu wa mkombaphala.

Muyeso wa ubwino uli ndi msampha wake. Lamulo likalamula kuti malo aliwonse alembetsedwe ndipo akhale ndi nyumba ya malata, mpanda ndi zimbudzi zosiyana za anyamata ndi atsikana, sukulu zolipiritsa za m'tauni zidzakwanitsa n'kukweza fizi, koma chisakasa chija cha panjira ya kunyanja chidzakhala chophwanya lamulo. Lamulo lofuna kuchulukitsa mwayi likhoza kuuchepetsa mwanjira imeneyi, pokhapokha litasiyanitsa zinthu zoteteza moyo wa mwana, zimene sizinganyengereredwe, ndi zinthu zimene malo angazifikire pang'onopang'ono.

Ndalama

Mpaka pano, mtolo waukulu wa mkombaphala wa kumudzi wasenzedwa ndi midzi yokha: njerwa, udzu, munda wa CBCC, chimanga chosonkha ndi nthawi ya alezi. Pambuyo pake pamabwera mabungwe ndi mayiko othandiza, monga pulojekiti ya Investing in Early Years ya ndalama zokwana madola 60 miliyoni imene World Bank inavomereza mu 2018, yomwe sinafike m'maboma onse. Gawo la bajeti ya boma lopita ku mmera mpoyamba lakhala laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la pulayimale, sekondale ndi mayunivesite. Pa msonkhano wa UNESCO ku Tashkent m'dziko la Uzbekistan mu Novembala 2022, mayiko anagwirizana zoyesetsa kuti 10 pa 100 iliyonse ya ndalama za maphunziro izipita ku maphunziro a ana asanalowe pulayimale. Lamulo lingalembe chiwerengero chotere, kapena kukhazikitsa thumba lapadera, kapena kungokhala chete n'kusiyira bajeti ya chaka ndi chaka. Kulemba chiwerengero kumateteza ana aang'ono, amene alibe bungwe lowanyanyalira ntchito, koma kumamanganso manja a nduna ya zachuma m'chaka cha njala kapena cha namondwe, ndipo ndalama yopita ku nazale imakhala itachotsedwa kwina, mwina ku mabuku a Sitandade 2.

Zimene sizinayankhidwe

Munthu wa ku Salima akapeza mpata wowerenga bilu yotere, kapena phungu wake akabwera kudzamva maganizo, pali mafunso amene mpaka pano alibe yankho logwirizana. Loyamba ndi la msinkhu: kodi lonjezo likhale la chaka chimodzi chokha cha ana a zaka zisanu, chimene boma lingachikwanitse msanga, kapena la zaka zitatu zonse, ndipo ana ochepera pamenepo, amene ubongo wawo ukukula mofulumira kuposa onse, adzawafikira ndani? Msinkhuwo udzatsimikizidwa bwanji m'midzi mmene ana ena alibe chiphaso cha kubadwa, ndipo akuluakulu akukumbukirabe muyeso wakale wodutsitsa dzanja pamutu kukagwira khutu?

Pali funso la mtunda. Mwana wa zaka 9 angayende makilomita atatu kupita ku pulayimale, koma wa zaka zisanu sangawoloke khwawa lodzaza m'dzinja, choncho kalasi yokonzekeretsa ikakhala pa sukulu ya pulayimale yokha, ana a kutali adzatsala, ndipo ikakhala pa CBCC, woiyendera ndi woilipira ayenera kudziwika. Nanga ma CBCC ana a zaka zisanu akachokamo, mudzi udzapitiriza kusonkha chimanga, kapena anthu adzati zalowa boma n'kupinda manja?

Chilankhulo nachonso sichinakhazikike. Mu 1996 boma linalamula kuti makalasi anayi oyambirira aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha ana, koma lamulo la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Makolo ambiri amayesa sukulu ya mkombaphala pomva mwana akuloweza masiku a sabata m'Chingerezi, pomwe akatswiri ambiri amati mwana amayamba bwino m'chilankhulo cha kwawo, ndipo m'madera ena a m'mbali mwa nyanja m'boma lino chilankhulo cha pakhomo ndi Chiyao. Malo ambiri ali m'matchalitchi ndi pafupi ndi mizikiti, ndiye lamulo liyenera kunena malire a mwini nyumba ndi a boma pa zimene ana aphunzitsidwe. Mwana wolumala, amene kawirikawiri ndiye woyamba kutsala kunyumba, adzalandiridwa ndi mlezi wophunzitsidwa ndi ndani? Ndipo khonsolo ikapatsidwa udindo woyendera malo mazanamazana kuchokera ku Chipoka mpaka ku Khombedza, mafuta a njinga yamoto ya woyenderayo adzachokera m'thumba liti?